Ophunzira za umoyo akonzeke asanalowe m'thiyeta

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi ana athu amene akuphunzira za umoyo kuno ku Johannesburg, makamaka amene atumizidwa kukaphunzira ntchito m'mathiyeta (zipinda zochitira opaleshoni) a zipatala monga Chris Hani Baragwanath ndi Charlotte Maxeke.

Musanapite, dzina lanu likhale m'kaundula wa HPCSA (bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo ku South Africa), kapena SANC (bungwe loyang'anira anamwino) ngati mukuphunzira unamwino. Bayitsaninso katemera wa matenda a chiwindi a Hepatitis B.

Ambiri amalakwitsa posamba m'manja pokonzekera opaleshoni. Vulani mphete ndi wotchi, zikhadabo zikhale zazifupi. Tsukani kuyambira nsonga za zala mpaka m'zigongono kwa mphindi 2 mpaka 5, manja ali m'mwamba kuti madzi akuda atsikire kuzigongono, asabwerere kuzala. Mukavala gauni ndi magolovesi, manja asatsike kunsi kwa chiuno, ndipo kumsana kwa gauni sikutengedwa ngati kopanda majeremusi. Mukakhudza posayenera, nenani pomwepo. Kukalipiridwa ndi sisita n'kwabwino kusiyana ndi bala la wodwala kuchita mafinya.

Nsalu zopukutira magazi, masingano ndi zida zimawerengedwa mokweza ndi anthu awiri opaleshoni isanayambe, bala lisanatsekedwe komanso pomaliza. Musatulutse kalikonse m'chipindamo kuwerenga kusanathe, chifukwa nsalu imodzi ikasowa, aliyense amaganiza kuti yatsalira m'mimba mwa wodwala.

Singano ikakubayani, tsukani ndi sopo ndi madzi, osafinya, n'kuuza sisita nthawi yomweyo. Mankhwala a PEP, oteteza kuti musatenge HIV, ayambike msanga, maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa masiku 28.

Idyani m'mawa. Mukamva chizungulire, bwererani m'mbuyo mukhale pansi, musagwere pa thebulo la zida.

Namwino wa m'thiyeta,
Johannesburg