Kwa Amayi ku Domwe, za mwendo wa Abambo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomo. Ine kuno ku Johannesburg ndili bwino ndipo ntchito ikuyenda. Ndalandira malipiro dzulo ndipo ndatumiza marandi 2,000, koma ulendo uno ndatumiza pa M-Pesa ya mlongo wanga, osati ya mphwanga. Msuweni wandiuza pa foni kuti Abambo akadali chigonere pamphasa, kuti ndodo zoyendera zimene ndinatumizira ndalama mu Meyi sizinagulidwe, ndiponso kuti m'chiuno mwawo mwatemedwa mphini. Ndikupemphani mundiyankhe mosabisa. Kodi ndalama zija zinapita kwa sing'anga, kapena ndi zimene zagula foni yatsopano imene mphwanga akuyenda nayo pamsika wa Ulongwe?

Amayi, fupa lija silidzameranso, ndipo palibe mankhwala a m'nsupa amene angalibweze. Madokotala a ku Tete sanalakwitse pochotsa mutu wa fupa la ntchafu osaikapo chitsulo china, chifukwa mafinya anali atadya polumikizira ponse, ndipo chitsulo choikidwa pamalo owola chimangosunga matenda. Opaleshoni imeneyi ili ndi dzina, amati ya Girdlestone, dokotala wa ku Oxford amene ankaichita kwa odwala TB ya m'chiuno m'zaka za m'ma 1920. Kuno ndimagwira ntchito ndi bambo wina wa ku Zimbabwe amene anachitidwa yomweyo, ndipo lero amakwera yekha basi ndi ndodo imodzi. Iye ndiye anandiperekeza kwa mayi wochititsa mafizo, amene wandifotokozera zimene ndikulembazi.

Pamalo pamene panali fupa pamadzaza mnofu wolimba wa chipsera, ndipo thupi limadzatsamira pa umenewo pamodzi ndi minofu ya matako ndi ya ntchafu. Minofu imeneyi imafota msanga munthu akamangogona, ndipo mwendo ukazolowera kukhala wopindika umakana kuwongoka. Choncho m'mawa, masana ndi madzulo, Abambo agone chagada, avinitse mapazi kutsogolo ndi kumbuyo, akanikize kuseri kwa bondo pa matiresi n'kuwerenga mpaka 5, kenako amange matako n'kumasula. Akatero akoke chidendene pang'onopang'ono kubwera nacho kumatako, wina atachirikiza bondo kuti mwendo usagwere kumbali. Za kugona chafufumimba, ndiponso kuchuluka kwa mphamvu imene angapondere, mukafunse a mafizo ku chipatala cha Ulongwe, ndipo chimene akanene iwo chiposa changa. Ndalama ya chapa, minibasi yopitira kumeneko, ili m'gulu la zimene ndatumizazi. Isasanduke ya feteleza, pakuti ya feteleza idzabwera payokha mu Okutobala.

Mphwanga amve izi. Sabata ino apite kwa kalipentala akakhometse bedi lofika m'mawondo mwa Abambo, chifukwa munthu wopanda chiuno sangadzuke pansi popanda kudzipweteka. Akhometsenso mpando woboola pakati wa kuchimbudzi, ndipo azike mitengo iwiri ya bulugama m'mbali kuti azigwirira. Sindikufuna kumva kuti Abambo, munthu amene ankalamula milandu pabwalo, akunyamulidwa m'chitenje kupita kuseri ana akuona. Ndodo zigulidwe ziwiri zokhala ndi labala kunsi, osati nsungwi zodula kudambo. Ndikufuna chithunzi chake pa WhatsApp, Abambo ataziimirira.

Mwendowo wafupika, mwina ndi masentimita 4 kapena 5, ndipo ndi mmene zimakhalira ndi opaleshoni imeneyi. Musawasiye aziyenda chonyomphera pa zala, chifukwa msana udzapindika ndipo bondo la mwendo wabwino lidzayamba kuwawa. A mafizo akayeze kufupikako, ndipo wosoka nsapato akakweze nsapato yonse kuyambira ku zala mpaka kuchidendene, osati chidendene chokha. Ndaiona ya mnzanga uja: anamata labala wopepuka m'kati, kunsi n'kuika chidutswa cha tayala, ndipo kutsogolo anakusema mozungulira kuti phazi lizigubuduka poponda. Tsiku limene Abambo adzasiye ndodo imodzi, yotsalayo azidzaigwira ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino. Sindikunamizani kuti adzalimanso mizere ya kachewere monga kale, ndipo mwina ndodo sadzaisiya mpaka kalekale, koma kufika kutchalitchi ndi kudimba n'kotheka ngati tiyamba tsopano. Mphamvu zimabwerera m'miyezi yambiri, ena mpaka chaka, choncho musataye mtima akatopa pakhomo pa khitchini.

Kuno kwazizira kwambiri, ndipo m'mawa ndikamadikira galimoto ndimakumbukira chifunga cha paphiri la Domwe ndi Abambo akuwotha moto wa zitsononkho. Musawalole kukhala tsiku lonse pamotopo pa kampando kafupi. Nkhuku zija musagulitse, mazira ake azidya iwo, pamodzi ndi nyemba, nsinjiro ndi kapenta, popeza mnofu sumangidwa ndi nsima ya chigwada yokha. Mankhwala a kuchipatala amwe mpaka atauzidwa kuti asiye, ngakhale ululu utatha. Mukaona bala likuchucha, thupi latentha, kapena katumba watupa n'kumawawa, musadikire kuti ndiyimbe foni, pezani galimoto tsiku lomwelo. Muziwayang'ananso pamatako ndi pa zidendene ngati payamba zilonda za pogona.

Ndibwererenso ku ndalama za mu Meyi. Ndimadzuka usiku kukagwira ntchito m'dziko la eni, ndimagona m'kachipinda ka anthu ambiri, ndipo sindingalole kuti thukuta limeneli lithere m'thumba la sing'anga bambo wanga ali pansi. Atsibweni akhale pansi ndi mphwanga, anene zoona, ndipo ngati ndi foni igulitsidwe. Mlongo wanga alembe m'kabuku metikali iliyonse imene yatuluka, ndipo ndidzakaona kabukuko ndikadzabwera mu Disembala. Bedi, mpando, ndodo ndi nsapato zikhale zitatheka mvula isanagwe, chifukwa matope a kwathu ndodo zimaterera.

Kalatayi muwawerengere Abambo yonse, osadumpha za mphini.

Ndine mwana wanu woyamba.