Voti imene nthumwi imanyamula ndi ya eni ake

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene nyuzipepala zimaikumbuka kamodzi pa zaka zisanu, zipani zikamachititsa misonkhano yaikulu, kenaka n'kuiiwala. Ndine mlimi wa fodya kuno kwa Chamama, ndili ndi zaka 63, ndipo ndakhala m'komiti ya chipani changa m'dera lino kwa zaka zoposa 20. Dzina la chipanicho sinditchula. Ndikudziwa kuti anthu mukangomva Kasungu mumaganiza za nsalu ya mtundu umodzi, koma bwerani tsiku la msika mudzaone nokha. Amayi kuno amavala nkhope za atsogoleri onse, ena amaberekera mwana nsalu ya chipani chimene sadachivoterepo chibadwire.

Chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi mwana wa mlongo wanga amene amakhala ku South Bend, m'boma la Indiana ku America. Adapita kalekale, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo pano ndi nzika ya kumeneko. Nthawi ina adandiimbira pa WhatsApp usiku, ine ndili m'chigafa, n'kundifunsa kuti, "Atsibweni, inu mumadziwa ndale, ndivotere munthu amene mtima wanga ukufuna kapena amene ndikuona kuti angapambane?" Ndidadabwa chifukwa chisankho cha pulezidenti kumeneko chimachitika mu Novembala, ndipo uwu udali mwezi wa Epulo. Iye adaseka n'kundilongosolera kuti kwawoko ngakhale woimira chipani pa mpando wa pulezidenti amadutsa m'zisankho zachipulula. Anthu wamba amavota boma ndi boma kwa miyezi ingapo. Mwa chizolowezi amayambira ku Iowa ndi New Hampshire kumayambiriro kwa chaka, kenaka pali tsiku limodzi m'mwezi wa Malichi lomwe maboma ambiri amavota pamodzi, amati Super Tuesday, ndipo ku Indiana amadzavota mu Meyi. Nthumwi zikamapita ku msonkhano waukulu mu Julaye kapena Ogasiti, zambiri zimakhala zitamangidwa kale ndi zimene anthu adavota. Sizingakagone ku loji n'kudzuka ndi maganizo ena.

Funso lakelo sindidaliyankhe bwino usiku umenewo, chifukwa lidandikumbutsa manyazi anga.

Ine ndidapitako ku msonkhano waukulu wa chipani ngati nthumwi, kamodzi kokha. Tidanyamuka pa basi pa Kasungu boma tikuimba, tidafika m'tauni madzulo, adatigoneka anayi anayi m'chipinda. Sitidagone. Chitseko chinkangogogodwa. Woyamba adabwera ndi envelopu, akuti ya sopo. Wachiwiri adabwera ndi yake yonenepako, akuti ya mayendedwe, chonsecho basi idali yolipiridwa kale. Cha m'ma 2 koloko kudabwera mkulu wina wa m'boma lathu ndi kapepala ka mayina, n'kutiuza kuti mzere wathu ndi uwu, aliyense aloweze pamtima. Maenvelopu onse awiri ndidalandira, sindinama. Ndidadziuza kuti voti ndi yachinsinsi, ndikadya za onse n'kuvotera wokhoza. Koma m'mawa nditaima pa bokosi ndidazindikira kuti wokhozayo sindikumudziwa. Sindidafunseko aliyense. Ndidachonga dzina la pakapepala kaja.

Nditabwerera, tidakumana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mjigo monga mwa nthawi zonse. Ndidafotokoza za holo, za nyimbo, za mpunga ndi nkhuku. Gogo wina amene ankasunga kope la zopereka za nthambi yathu, munthu wosadziwa kuwerenga bwino koma wosaphonya tambala, adandidula. "Achimwene, zimenezo tamva. Mwatisankhira ndani, ndipo mwamusankha chifukwa chiyani?" Dzina ndidatchula. Chifukwa ndidalibe. Gogoyo adangoti "Oho," n'kutseka kope lake. Mpaka lero ndikamva munthu akuti oho ndimatuluka thukuta.

A Mkonzi, anthu ambiri sazindikira kuti pepala lovotera limene a MEC amatipatsa limafika litaphikidwa kale. Ife mamiliyoni timangosankha pakati pa mayina amene anthu ochepa, odzaza holo imodzi, adatisankhira chaka chimodzi m'mbuyomo. Mu Ogasiti 2024 chipani cha MCP chidakumana ku Lilongwe, cha DPP ku Blantyre, ndipo cha UTM chidakumana ku Mzuzu mu Novembala. Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chidayambira m'maholo amenewo. Ndipo mbiri yathu ikuonetsa kuti zochitika m'holo zimatembenuza dziko. Pokonzekera chisankho cha 2004, a Bakili Muluzi adaloza a Bingu wa Mutharika kuti ndiwo aimire UDF. Akuluakulu ena monga a Aleke Banda ndi a Justin Malewezi adachoka. A Bingu adapambana, koma mu Febuluwale 2005 adatuluka n'kuyambitsa DPP, ndipo UDF idapezeka ili kunja kwa boma isadaluze chisankho cha pulezidenti chilichonse. Mu 2013 nthumwi za MCP zidasankha a Lazarus Chakwera, m'busa wa Assemblies of God amene adali asadakhalepo phungu, ndipo chipani chimene chidali kunja kuyambira 1994 chidabwerera m'boma mu 2020. Muwakonde anthu amenewa kaya muwade, sadagwe kuchokera kumwamba. Adatuluka m'holo.

Tsono funso la mwana wa mlongo wanga lija, la mtima ndi la kupambana, kuno kwathu khoti lidaliyankha theka lake. Kale munthu ankatha kulamula dziko ndi mavoti a chigawo chake ndi tina tapadera. A Peter Mutharika mu 2014 adalowa ndi mavoti 36 pa 100 aliwonse. Koma pa 3 Febuluwale 2020, majaji asanu atafafaniza chisankho cha 2019, adanenanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. A Chakwera mu Juni 2020 adapeza pafupifupi 59 pa 100, a Mutharika mu 2025 pafupifupi 57. Manambala otere sungawapeze kwanu kokha. Ndiye nthumwi imene ikupita kukavotera munthu chifukwa chakuti ndi mwana wakwathu, amalankhula ngati ife, maliro a amfumu adabwera, ikupha chipani chake ndi manja ake. Ndisadachonge dzina ndiyenera kudzifunsa ngati mayi wogulitsa nthochi ku Thyolo kapena msodzi wa ku Karonga angaime pa dzuwa chifukwa cha munthu ameneyu. Mtima wanga wokha suwerengedwa ku malo ophatikizira mavoti.

Komabe kupambana kokha sikundikwanira, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga a m'komiti. Iwo amati sankhani wa ndalama, kampeni imadya mafuta. Zoona imadya. Koma ife alimi a fodya tili ndi mawu omwewo a kusankha, ndipo timadziwa tanthauzo lake. Ukasankha fodya umakhala pansi masiku ambiri, tsamba lililonse kulitambasula, kuona mtundu, kutalika, ngati lili ndi nkhungu. Alipo anzathu ochenjera amene amaika ndindi zokongola pamwamba ndi pansi pa belo, zoola n'kuzibisa pakati, nthawi zina ndi madzi omwe kuti lilemere. Ku msika wa fodya wa Chinkhoma ogula sapusitsika ndi zapamwamba. Amasolola ndindi ya pakati, ndipo belo lotere limabwezedwa, mwini wake n'kutaya ndalama ya thiransipoti kawiri. Zimene timaona pa msonkhano waukulu, suti, galimoto zotsatizana, achinyamata odzipaka penti, zonsezo ndi ndindi zapamwamba.

Ndindi ya pakati imene ine ndikufuna kuisolola ndi iyi: munthuyu atagonja adachita chiyani? Aliyense wofuna mpando waukulu adagonjapo penapake, kaya pa chipulula cha uphungu, kaya pa udindo wa m'chipani, kaya ku mpingo. Funsani amene adalipo. Kodi adagwira chanza mnzake, kapena adatuma anyamata kukaswa magalasi? Kodi adatsala n'kuthandiza, kapena m'mawa mwake adali atasoka nsalu ya chipani chatsopano? Mwana wa mlongo wanga adandiuza za 2008, pamene Hillary Clinton adalimbana ndi Barack Obama mpaka mwezi wa Juni. Ku Indiana komweko mayiyo adapambana ndi mavoti ochepa. Ataona kuti zavuta adavomera, adamuchitira mnzakeyo kampeni, pambuyo pake n'kukhala nduna yake yoona za kunja. Ife a Kasungu sitifunikanso kupita kutali chotero. A Kamuzu Banda, ndi zonse zimene anthu amanena za ulamuliro wawo, ndipo zambiri ndi zoona, mu Meyi 1994 adalankhula pa wailesi n'kuvomera kuti a Muluzi apambana. Munthu amene sadziwa kugonja m'chipinda cha anthu 20 sadzadziwa kugonja atagwira asilikali ndi apolisi.

Kusadziwa kugonja, komanso kusadziwa kupambana mwachilungamo, ndi kumene kwawononga zipulula zathu za aphungu. Tonse taimapo pa mzere kumbuyo kwa munthu pa bwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo, kenaka lole n'kutulukira itadzaza anthu amene sitidawaonepo m'dera lathu. Wowerenga amayamba kuwerenga kumene wauzidwa. Zotsatira zake zimaoneka ku Nyumba ya Malamulo: mu 2019 aphungu 55 mwa 193 adalowa ngati oima paokha, ndipo ambiri a iwo adali anthu a zipani amene adakankhidwa pa chipulula, anthu n'kuwatsatira komweko. Ngati munthu wofuna kutsogolera chipani adali m'gulu lotumiza malole aja, ndindi yake ndaiona kale.

China chimene ndidzafunse, ndipo sindidzafunsa mwini wake chifukwa mwini wake ali ndi pakamwa potsekemera, ndi za anthu amene amamugwirira ntchito. Ngati ali ndi esiteti, matenanti ake amawalipira fodya akagulidwa kapena amawawerengera ndowa za chimanga mpaka kutsala opanda kanthu? Dalaivala wake wakhala naye zaka zingati? Kuno nkhani zotere sizibisika. Za feteleza wotsika mtengo sindifunsanso, aliyense amalonjeza. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 tidaona tokha kuti thumba la feteleza limamvera dola, silimvera nyimbo za pa msonkhano. Amene angandiuze kumene dola ichokere, osati mtengo wa thumba umene akulota, ameneyo ndidzamumvetsera. Ndipo abale athu a kwa Chulu, amene akhala akugona m'minda kuyambira pamene njovu 263 zidabwera kuchokera ku Liwonde mu 2022, ali ndi funso lawo limene ine wa kum'mawa kuno sindingawafunsire bwino. Nthumwi zawo zilinyamule.

Musaganize kuti ndikuti za ku America ndi zangwiro. Mu 2024 Joe Biden adapambana zipulula za chipani chake, kenaka pa 21 Julaye adasiya, ndipo nthumwi zidangotenga Kamala Harris popanda kubwerera kwa anthu. Mu Novembala adagonja kwa Donald Trump. Mnyamata wathuyo amadandaulanso kuti ikamafika Meyi nthawi zambiri mpikisano umakhala utatha, voti yake imangokhala yotsimikizira. Ndipo kuti kuno membala aliyense azivota, pafunika kaundula wa mamembala ndi makhadi, pamene ife akuluakulu mawu oti khadi la chipani amatikumbutsa anyamata oima pa chipata cha msika. Sindikudziwanso chipani chimene chingalipire chisankho chotere m'maboma 28 popanda kupempha kwa anthu omwewo a maenvelopu. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma lamulo siligogoda pa chitseko cha loji 2 koloko usiku.

Chimene chingatheke popanda ndalama ndi chimene ife tagwirizana pa nthambi yathu. Aliyense amene adzapite ku msonkhano waukulu wotsatira, kaya ndine kaya wina, adzayamba wakhala nafe pansi pa mango. Tidzatchula mayina onse opikisana, aliyense anene chimene akudziwa, tidzakangana, ndipo mlembi adzalemba m'kope dzina limene ambiri afuna ndi chifukwa chake. Voti m'holo ndi yachinsinsi, sitingamulondole. Koma pobwera adzaimirira pamaso pathu. Anzanga ena akuti akuluakulu a ku boma sadzakondwa nazo, ndipo mwina dzina la nthambi yathu lidzasowa pa mndandanda wa nthumwi. Zimenezo tidzaziona. Za envelopu sindilumbira pano, fodya akagulidwa moipa munthu umafooka, koma ndauza akazi anga kuti ndikadzabwera nayo adzaitengere ku msonkhano wa nthambi iwowo.

Pempho langa kwa inu a nyuzipepala ndi lakuti musamadikire tsiku la msonkhano kuti mudzajambule anthu akuvina. Kukatsala miyezi itatu, tisindikizireni m'Chichewa mayina a opikisana m'chipani chilichonse, kumene adagwirapo ntchito, zisankho zimene adagonjapo ndi zimene adachita atagonja. Mutiuzenso kuti boma lililonse likutumiza nthumwi zingati ndipo zimasankhidwa bwanji, chifukwa ngakhale ine wa zaka 20 m'komiti ndidangouzidwa Lachiwiri kuti Lachisanu ndikukwera basi. Gogo uja adatisiya zaka zitatu zapitazo. Kope lake akusunga ndi mwana wake wamkazi, ndipo wandiuza kale kuti funso la amayi ake adalilemba pa tsamba loyamba.

Mlimi wa fodya,
Chamama, Kasungu