Kalata kwa Makasitomala Athu pa za Intaneti ya m'Mawaya a Lamya

Okondedwa makasitomala athu,

Tikukulemberani mosakondwa, chifukwa vuto limene tikufotokoza pano silinayambe ndi ife, koma ndife amene timayankha mafoni a madandaulo usiku ndi usana. Kuyambira pa 1 mwezi wa mawa, tisiya kulonjeza liwiro lofanana kwa aliyense wolandira intaneti kudzera m'mawaya a lamya, ndipo nyumba zimene zili kutali kwambiri tizichotsa pa njira imeneyi.

Intaneti ya mtunduwu, imene akatswiri amaitcha ADSL, imayenda m'mawaya a mkuwa kuchokera kunyumba ya makina a lamya kufika pakhomo panu, ndipo mphamvu yake imachepa pa mita iliyonse, monga momwe madzi amafikira ofooka pampopi wa kumapeto kwa paipi. Munthu wokhala pafupi ndi makinawo angathe kulandira liwiro lofika 24 Mbps (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti) pa ADSL2+, mtundu wa ADSL wothamanga kwambiri, koma waya ukatalika kufika makilomita 3 liwiro limakhala litatsika kwambiri, ndipo ukapitirira makilomita 5 intaneti imangoduka-duka. Mtunda woyenera kuwerengedwa ndi wa waya weniweniwo, umene umakhota motsatira misewu ndi mapolo, choncho nyumba yooneka yapafupi pamaso ingathe kukhala kutali.

Chimene chikutiwawa kwambiri ndi mmene mawayawo alili. Mawaya si athu. Timachita lendi kwa eni ake, ndipo mwezi uliwonse timalipira ndalama yonse popanda kuchotsera tsiku ngakhale limodzi limene sanagwire ntchito. Ambiri ndi akale, olumikizidwa malo osawerengeka chifukwa akuba amawadula pofuna mkuwa, ndipo polumikiza paliponse pamalowa chinyezi, pamachita dzimbiri, mphamvu n'kumatayika. Mvula ikangoyamba mu Novembala, madzi amadzaza m'maenje a mawaya, mphezi imawotcha mamodemu, timakina tolandirira intaneti m'nyumba mwanu, ndipo anyamata athu amazungulira kuchokera ku Area 3 mpaka ku Kanengo ndi Area 25 muno mu Lilongwe pa mafuta athu, kukayeza vuto limene satha kulikonza popeza saloledwa kukhudza waya wa eni. Tikapereka lipoti amatiuza kuti tidikire. Ife timadikira, koma inu mukamakwiya mumakwiyira ife, ndipo sitingakudzudzuleni.

Pamwamba pa izi, zipangizo zonse timagula kunja. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, modemu imodzi yowotchedwa ndi mphezi imadya phindu la miyezi ingapo, ndipo kupeza ndalama zakunja kubanki kuti tigule ina ndi nkhondo payokha. Takhala tikusenza tokha katunduyu posafuna kukulemetsani, koma kampani yaing'ono ngati yathu ili ndi malire, ndipo antchito athu nawonso ali ndi mabanja.

Choncho tiyeza waya wa kasitomala aliyense mwezi uno usanathe. Amene waya wawo uli bwino apitiriza monga kale. Amene liwiro lawo ndi lotsika azilipira molingana ndi zimene akulandiradi. Otsalawo tiwapatsa mwayi wosamukira ku intaneti yopanda mawaya, ya kadishi ka padenga. Mitengo mudzaiona pa bilu yanu. Tisanafike, mungatithandize ponyamula lamya n'kumvetsera: ngati mukumva kuthetheka, ndiye kuti waya wavulala, ndipo nthawi zina vuto limakhala m'nyumba momwemo, makamaka pamene modemu yalumikizidwa ndi waya wautali woonjezera kapena kasefa ka pakhoma, kolekanitsa mawu a lamya ndi intaneti, kanachotsedwa.

Tikudziwa kuti masiku ano njira zopezera intaneti mu Lilongwe ndi zambiri, ndipo ena mwa inu mwakhala nafe zaka zambiri ngakhale munali ndi zifukwa zotisiyira. Tikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima, ndipo tikupempha kuti musanaganize zochoka mubwere kaye ku ofesi tidzakambirane.

Ndine wanu,
Mwini wa kampani