Bwana Cashman, musatitayire Juan Soto chonde

November 2024

Bwana Brian Cashman, General Manager wa timu ya baseball ya New York Yankees,

Ndikudziwa kuti Chichewa simumva, mwinanso Malawi mumangomuona pa mapu basi, koma mkwiyo wanga sutuluka bwino m'chizungu ndiye mupeze munthu akumasulireni, a Malawi tilipo kuno ku New York ngakhale sitili ambiri. Ine ndimakhala ku Bronx konkuno, sitima ya 4 ndimakwera daily ndipo ikafika pa 161st Street stadium yanu ija ndimaiona pawindo ndikupita ku ntchito. Baseball sindinabadwe nayo, kwathu ndi mpira wamiyendo ndipo ndine wa Bullets kuyambira ndili mwana, gemu yanuyi anandiphunzitsa ndi anyamata a ku Dominican Republic kumene ndimameta tsitsi, zinanditengera zaka ziwiri kuti ndimvetse chifukwa chimene anthu amaombera m'manja munthu woti mpira sanaumenye n'komwe wangoyenda kupita pa first base. Pano ndimamvetsa, n'chifukwa chake ndakulemberani.

Juan Soto, katswiri wathu womenya mpira uja, kontrakiti yake yatha, pano ndi free agent, timu iliyonse yokhala ndi ndalama ikhoza kumutenga. Inu munamubweretsa kuchokera ku San Diego Padres mu December 2023, munapereka anyamata asanu kuphatikizapo Michael King amene ku Padres akuponya bwino mpaka kutipweteka mtima. Ndiye mukufuna kundiuza kuti zonsezo munachitira sizoni imodzi yokha, ngati wobwereka suti ya ukwati mawa lake n'kukabweza?

Mlamu wanga ndi ine takhala tikukangana za nkhaniyi masabata awiri tsopano mpaka akazi athu atiletsa kuitchula pa nthawi ya nsima. Iyeyo akuti ndalama za Soto zikhala zamisala, Scott Boras agent wake uja sachita nthabwala, Sotoyo anakana $440 million ya Washington Nationals mu 2022 ali ndi zaka 23 zokha, ndipo poti Shohei Ohtani anasaina $700 million ku Dodgers chaka chatha ndiye Boras akuyang'ana kumtunda komweko. Ndiye mlamu akuti m'malo mothira zonse mwa munthu mmodzi bola mugule pitcher (woponya mpira) wamphamvu ngati Corbin Burnes kapena Max Fried, muwonjezere Christian Walker wa ku Arizona pa first base poti Anthony Rizzo mwamusiya, ndalama zotsalazo mutseke pa second base pamene Gleyber Torres akuchokapo. Amakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, akamanena amagogoda tebulo ngati mwambiwo anaupeka ndi iyeyo.

Sindikunena kuti mlamuyo ndi wopusa ayi. Koma bwana njira imeneyo munaiyesapo kale inu nomwe, mwakhala pa mpandowo kuyambira 1998 ndiye simungaiwale. Mu December 2013 Robinson Canó anachoka kwathu n'kupita ku Seattle, zaka 10, $240 million, inu munati zadula, ndalama zija munazimwaza kwa Jacoby Ellsbury, Brian McCann ndi Carlos Beltrán. Chinachitika n'chiyani? 2014 ku playoffs sitinapiteko. Ellsbury yekha anatenga $153 million ya zaka 7 koma 2018 ndi 2019 sanasewere gemu ngakhale imodzi, kuvulala kokhakokha, mpaka munamumasula ndalama zikutulukabe. Chikomekome cha mkuyu chenicheni. Kenako Bryce Harper anali pa msika kumapeto kwa 2018 ali ndi zaka 26, inu munaona kuti ku outfield kwadzadza kale, anapita ku Philadelphia pa $330 million, 2021 anatenga MVP, mphoto ya wosewera wopambana onse mu ligi yawo, ndipo lero mtengo umene uja ukuoneka ngati wa pa sale. Soto naye wangokwanitsa zaka 26 pa 25 October. Osewera ambiri akamafika pa free agency amakhala adutsa 30, mawondo ayamba kulira, Walker amene mlamu akumutamayo ali ndi 33. Uyu ndi mwana, zaka zake zabwino sizinathe n'komwe.

Ndipo taonani zimene wachita sizoni ino. Ma home run 41, ochuluka kuposa chaka china chilichonse pa moyo wake, batting average .288, ma walk 129 pomwe ma strikeout ndi 119 okha, kutanthauza kuti amayenda ulere kupita pa base kambiri kuposa mmene amagwera, zinthu zosowa masiku ano pamene aliyense amangokupiza bat ngati akuthamangitsa ntchentche. Kaputeni wathu Aaron Judge wamenya ma home run 58 ndi ma RBI 144 (ma run olowa chifukwa cha kumenya kwake), eya Judge ndi Judge, koma ma RBI amenewo amafuna munthu woti akhale ali pa base kale, ndipo amene amamenya patsogolo pake chaka chonse ndi ndani? Pitcher amayamba watuluka thukuta ndi Soto, kavinidwe kake kaja kopalasa dothi uku akumuyang'anitsitsa m'maso, akamafika kwa Judge watopa kale. 2023 popanda Soto tinapambana magemu 82 n'kugonja 80, October tinaonera anzathu pa TV. 2024 tapambana 94 mpaka kufika mu World Series, fainolo ya baseball, koyamba chichokereni 2009.

Usiku wa pa 19 October ndinali pa mpando wa barber wanga, Loweruka amatseka mochedwa, TV ili pamwamba pa kalilole, game 5 ku Cleveland yolimbirana malo mu World Series, 10th inning zili 2-2 anthu awiri ali pa base. Soto akungomenya ma foul, foul, foul, akugwedeza mutu kwa pitcher wawo Hunter Gaddis ngati akumuuza kuti ndakuona kale iwe. Barber anazimitsa mashini ali nayo m'manja. Mpira wachi 7 utapita kuseri kwa mpanda anaponya mashini pa tebulo n'kuthamangira panja akukuwa m'chi Spanish, shopu yonse kumbuyo kwake, magalimoto kuliza ma hutala, ine ndinatsala ndekha ndi nsalu m'khosi mutu wometedwa mbali imodzi. Ndinapita kunyumba choncho, ku tchalitchi mawa lake ndinavala chipewa mpaka pakhomo. Anthu amenewo bwana ndi amene amadzadza ma bleachers anu, mipando yotchipa ija ya mu stadium, mwawamva chaka chonse akukuwa kuti Soto mumusainenso.

Chimodzi chokha chimene mlamu amandigwira nacho pakamwa ndi defense. Soto kuthamanga si kwake kwenikweni, ndipo chifukwa iye ali ku right field ndiye Judge anasamutsidwira ku center, thupi lonse lija ali ndi zaka 32. Za pa 30 October, gemu yomaliza ya World Series ndi Dodgers, sindifuna n'kuzikumbukira koma tiyeni tinene. Tikutsogola 5-0, Gerrit Cole akuponya ngati mfiti, 5th inning Judge kugwetsa mpira wophweka wa Tommy Edman, Volpe kuponya pansi ku third, kenako Cole wachotsa Lux ndi Ohtani tikuti tapulumuka, Mookie Betts kumenya kampira kofooka kwa Rizzo, Cole osathamangira pa first base, angoima n'kumaloza. Ma run asanu aulere, gemu inatha 7-6, Dodgers kuvina pa bwalo lathu. Ndinazimitsa TV osasamba n'komwe. Koma ndiuzeni pa zolakwa zitatuzo cha Soto ndi chiti? Zimene zija ndi za ma coach, anyamata akabwereze zophunzira za ana ku training ya ku Tampa mu February, sizifuna kugulitsa ng'ombe ya mkaka. Walker ali ndi ma Gold Glove atatu, mphoto za defense, ndikuvomera, mugulireni pamwamba pa Soto osati m'malo mwake.

Ndalama musatinamize kuti palibe. Eni timu a Hal Steinbrenner ananena mu May kuti payroll ya pano sangapitirize nayo chaka ndi chaka, chabwino, koma ife tikagula mowa umodzi mu stadium muja mtima umagunda, ma jersey a nambala 22 ali mbwee m'sitima, ndalama zonsezo zimapita kuti? Malemu bambo awo a George akanakhalapo bwenzi nkhaniyi itatha kale World Series isanazizire. Judge ali ndi 32, Cole 34, Stanton 35, khomo likutsekeka tikuona, ndipo ma title 27 aja ana athu amangowamva ngati nthano za agogo.

Choopsa kwambiri ndi Steve Cohen. Munthu uja anagula Mets, timu inayo ya New York ya ku Queens, pa $2.4 billion ndipo ndalama saziwerenga ngati anzathu, akafuna chinthu amangotenga. Soto akapita ku Dodgers kapena Toronto ndidzalira sabata imodzi n'kuiwala, koma ku Queens, tauni yomweino? Kwathu zili ngati striker wa Bullets kudzuka m'mawa atavala blue ya Wanderers, ndipo ku ntchito kwanga kuli mnyamata wa Mets amene wayamba kale kundiimbira nyimbo ndikamalowa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno bwana, uyu tamununkhiza kale chaka chathunthu, New York saiopa, October saiopa, ring ya World Series anatenga kale mu 2019 ali ndi zaka 21.

Ndiye kwerani ndege ndi a Hal mukakumane ndi Boras, nambala imene a Cohen anene inu muwonjezerepo, musakachite zonenerera ngati tili pa msika wa kaunjika. Zikakanika chonde chonde musatibweretsere Alex Bregman kuti mutitonthoze, zachinyengo za timu yake ya Houston za 2017 sitinaiwale ife. Mwana wanga ndinamugulira jersey ya 22 mu July, yaikulu dala kuti akule nayo, ndipo usiku uliwonse akundifunsa ngati Soto wasaina.

Ndine wanu wokwiya koma wokhulupirika,
Mmalawi wa ku Bronx
November 2024