Nyani wa pafoni wadya fizi ya mwana wa mlongo wanga

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule zomwe zandionekera kuno ku Chilomoni. Mwezi watha ndinapatsa mwana wa mlongo wanga K250,000 kuti akalipire fizi kukoleji. Sabata yatha ndamva kuti kukolejiko ndalamayo sinafike. Nditamupanikiza, mwanayu watulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha nyani wovala chipewa ndi magalasi akuda. Ati: "Malume, imeneyi ndi NFT, dziko lonse lapansi mwini wake ndine ndekha."

NFT ndi chithunzi kapena chinthu china cha pa intaneti chomwe munthu amagula umwini wake. Anagula nyaniyo atachokera kusemina ina paloji ina ku Limbe, komwe anyamata a masuti owala anawalonjeza kuti pofika Khirisimasi nyaniyo adzakhala atabereka galimoto.

Ine ndinangojambula screenshot n'kuponya pagulu la banja lathu pa WhatsApp. Pano nyani uja ali m'mafoni a abale onse, mpaka agogo ake ku Thyolo, ndipo palibe walipira ngakhale tambala. Mwanayu akuti sindikumvetsa, akuti chofunika ndi chakuti umwini wake walembedwa m'kaundula wa pa intaneti wotchedwa blockchain, yemwe munthu sangafufute. Chabwino. Ndiye kuti K250,000 yanga yagula lisiti. Kodi pamayeso adzaonetsa lisiti ya nyani?

Musandione ngati mbuli. Malemu bambo anga ankasunga masitampa a nthawi ya Nyasaland m'chitini cha mabisiketi, ndipo ndikudziwa kuti chinthu chikasowa anthu amachilipira ndalama zambiri, ena chifukwa chochikonda, ena pofuna kungodzionetsera. Ndi zoonanso kuti mu 2021 wojambula wa ku America wotchedwa Beeple anagulitsa NFT pamtengo wa madola 69 miliyoni kudzera kukampani ya okushoni yotchedwa Christie's. Nkhani imeneyo kuseminako anaibwereza ngati kolasi. Nanga bwanji sanawauze za NFT ya uthenga woyamba pa Twitter wa Jack Dorsey, mmodzi mwa omwe anayambitsa Twitter? Munthu anaugula madola 2.9 miliyoni mu 2021. Chaka chotsatira anafuna kuugulitsa madola 48 miliyoni, koma pomwe nthawi ya malonda imatha, wopereka zambiri anali asanafike ngakhale madola 300. Mtengo wa zinthu zimenezi umadalira kuti mawa kupezeke wina wopusa kuposa iwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti dziko lino likulira ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tagonapo pamizere ya mafuta, mankhwala amasowa, koma madola ogulira anyani akupezeka! Pamene mutauni muno anyamata a ziboliboli amakhala tsiku lonse padzuwa ndi njovu ndi mvuu zosema ndi manja awo, zogwirika, osagulitsa ngakhale chimodzi.

A Reserve Bank of Malawi ananena kale mu 2019 kuti ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto, zomwe anthu amagulira ma NFT, si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Ndiye anthu amenewa akusonkhanitsa ana athu masanasana ndi chilolezo cha ndani? A Fiscal Police muli kuti? A MACRA, mauthenga oitanira anthu kumasemina otere akuyenda pa Facebook tsiku ndi tsiku, simukuwaona?

Apolisi azikakhala nawo pamasemina amenewa, ndipo eni maloji azifunsa mapepala asanabwereketse holo. Makolo anzanga, fizi muzikalipira nokha kubanki. Ndipo ngati alipo wowerenga wofuna nyani wa chipewa, alipo kuno, K250,000, sitichotsera.

Malume wokwiya,
Chilomoni, Blantyre