Lipoti la maphunziro okonza ampu ya m'kati mwa sipika

Wapampando, akomiti ndi amisiri anzanga nonse,

Zikomo pondituma kukayimira gulu lathu ku maphunziro a masiku awiri aja ku Blantyre. Ndalemba izi kuti ndi amene sadzapezeka pa msonkhano wa Loweruka amve nawo. Nkhani inali ya masipika okhala ndi ampu yakeyake m'kati, aja adzaza m'matchalitchi, m'maukwati ndi kwa anyamata obwereketsa zoyimbira.

Ndiyambe ndi manyazi anga omwe. Paja mwezi wathawu ndinkadandaula za sipika ya kwaya ina imene inandidyera ma MOSFET, matransista amphamvu a mu ampu aja, kawiri konse? Ndinainyamula. Mphunzitsi asanaitsegule n'komwe anandifunsa ngati ndinkaiyatsira pa babu. Ine kukamwa yasa.

Babu lake ndi lakale lija lotentha, la 60W kapena 100W, osati la LED. Mumalilumikiza pakati pa waya wa layivu, kuti magetsi adutse m'babumo asanafike ku sipika. Ampu ikakhala yabwino, babu limawala kamphindi pamene makapasita akudzaza, kenako n'kuzilala. Likangowala osaleka, muli shoti, koma mphamvuyo yathera m'babu ndipo zida zimene mwangoika kumene sizipsa. Yanga ija inawalitsa babu ngati masana. Titayeza tinapeza kuti MOSFET yoyamba ija pakufa inapita ndi karesista ka pa mwendo wa gate komanso IC (kachipu) yoyendetsa ma MOSFET, IRS2092. Ine ndinkangosintha chimene chapserera poonekera, mwini mlandu ali phee pambali. M'ma ampu a mtundu umenewu, wotchedwa Class D, zimenezi n'zofala: MOSFET kawirikawiri safa yekha.

Chachiwiri n'cha moyo wathu. Masipika ambiri a masiku ano alibe thiransifoma yolemera ija; ali ndi pawa sapulayi ya SMPS imene imawongola magetsi a 230V n'kuwasunga m'makapasita akuluakulu pa 325V kapena pafupi pamenepo. Mukazula pulagi, magetsiwo samachoka nthawi yomweyo. Yezani kaye ndi mita, ndipo muwatsitse kudzera pa resista kapena pa babu lomwe lija. Zogunditsa sikuludiraiva kuti kuthetheke zija tinauzidwa kuti tisiye, zimawononga kapasita ndi tinjira ta pa bolodi.

Pa kafufuzidwe, mfundo inali yoti tiyambe tadziwa ngati vuto lili mu ampu kapena mu sipika yeniyeniyo. Chotsani mawaya a wufa, sipika yaikulu ya besi ija, muyeze: yolembedwa 8 ohm imaonetsa pakati pa 5 ndi 7 pa mita, ndipo mukaigunditsa batire ya 1.5V imati thi, pepala n'kusuntha. Koyilo ikakhala yopsa, musathamangire kuika wufa yatsopano. Yezani kaye DC potulukira mawu pa ampu. Payenera kukhala pafupifupi ziro. Mukapezapo mavoti ochuluka, ndiye amene anapha yoyambayo, ndipo yachiwiri sikhalitsa.

Sipika yongoti zii, yosayatsa ngakhale kanyali, yambirani pa fyuzi, NTC (resista yochepetsa magetsi olowa mwamphamvu poyatsa), buriji (madayodi owongola magetsi) ndi matransista a pawa sapulayi. Yoyaka koma yosalankhula, onani ngati 15V ya mbali zonse ziwiri, +15V ndi -15V, ikufika ku ma IC ang'onoang'ono ngati 4558 kapena NE5532. Nthawi zambiri imachokera pa ma IC okhazikitsa mavoti, 7815 ndi 7915. Yong'ung'udza, zulani kaye chingwe chochokera ku mikisa. Phokoso likatha, vuto lili kunja, mwina chingwe kapena ethi. Likapitirira, kayikirani makapasita osefa magetsi, otupa pamutu aja poyamba.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chosavuta kuposa zonsezi. Ampu imeneyi imakhala m'bokosi limodzi ndi wufa, ndiye besi iliyonse imaigwedeza, kuwonjezera kugubuduzika pa lole popita ku zinkhoswe. Soda imang'ambika pa miyendo ya zida zolemera, pa majaki ndi pa voliyumu. Sipika yodukizadukiza mawu, igogodeni pang'onopang'ono pa bolodi ndi kamtengo kouma ikuyimba, imadziulula yokha. Tinakonza ziwiri m'kalasimo popanda kugula kanthu, kungowotchereranso basi. Fumbi la pa fani ndi pa chitsulo choziziritsira nalo limachititsa ampu kudzizimitsa ikatentha.

Tsiku lachiwiri kunabuka mkangano. Ena ankati bolodi ikavuta ingochotsani, muikemo yotchipa yogula yathunthu, kasitomala azipita. Ine sindinagwirizane nazo kwenikweni. Bolodi yoyambirira imakhala ndi zogawa mawu pakati pa wufa ndi twita, kasipika ka mawu okwera kaja, komanso zoletsa mawu kupitirira muyeso, zopangidwira sipika imeneyoyo. Mukaichotsa, twita ndiye imayamba kulipira. Ndivomereze kuti pamene bolodi yapsa mpaka kuboola palibe kuchitira mwina, koma mwini wake auzidwe chilungamo. Za zida zachinyengo aliyense anali ndi nkhani yake, makamaka matransista a 2SC5200 ndi 2SA1943, olembedwa bwino kunja koma ofa akangolawa katundu. Za majenereta tinangokhudza pang'ono: auzeni makasitomala aziyatsa sipika jenereta itakhazikika, ndipo azizimitsa sipika jenereta isanathe mafuta.

Zopempha zanga kwa gulu ndi izi. Benchi iliyonse ikhale ndi babu loyezera. Mababu akalewa akusowa m'mashopu, ndiye amene ali nawo kunyumba abwere nawo. Tisonkherane mita imodzi ya ESR, yoyezera ngati kapasita ili bwino, yoti tizibwerekana, chifukwa kapasita imatha kufa isanatupe. Ndipo zomanga kawaya pa fyuzi zija, akuluakulu, zitheretu. Fyuzi ibwerere ya nambala yomweyo, ndipo yolembedwa T, yochedwa kuduka ija, isalowedwe m'malo ndi ya F, yofulumira kuduka.

Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa msungichuma. Loweruka ndibwera ndi babu langa ndi sipika ya kwaya ija, imene tsopano ikuyimba, kuti tiyezere limodzi. Amene ali ndi yomuvuta pa benchi ainyamule.

Ine mthumwi wanu.