Alendo akadzabwera kudzawedza, namulondola akhale msodzi wa kuno

Akonzi,

Ndiloleni ndilembe m'nyuzipepala yanu nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo kuyambira pamene mdzukulu wanga wogwira ntchito ku Johannesburg adabwera kudzationa kuno ku Bangula, n'kundionetsa pa foni yake kanema wa usodzi wa ku Florida, m'dziko la America. Ndine mwana wa msodzi, ndidakulira m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh, ndipo ngakhale zaka zanga zonse za ntchito zidathera m'kalasi, ndikaona bwato pamadzi ndimaima kaye kuti ndione wopalasayo. M'kanemamo munali boti laling'ono lophwatalala kunsi, likuyenda pamadzi osaya a m'mphepete mwa nyanja yamchere, madzi olekeza m'chiuno. Kumbuyo kwa botilo kudaima munthu pa kansanja, akulikankha ndi mtengo wautali, injini atazimitsa kuti nsomba zisathawe, ndipo kutsogolo kunali mlendo atagwira ndodo ya mbedza, akudikira kuuzidwa koponya. Kaimidwe ka munthu wa kumbuyoyo ndidakazindikira nthawi yomweyo, chifukwa ndi mmene malemu bambo anga ankaimira pokankha bwato m'mabango. Kusiyana kwake n'kwakuti namulondola wa ku Floridayo amalandira madola mazana angapo pa tsiku limodzi, ndipo nsomba imene akusakayo saidya kapena kuigulitsa, koma amaibwezera m'madzi yamoyo.

Nsombayo amaitcha tarpon. Ili ndi mamba akuluakulu onyezimira ngati siliva, imatha kupitirira mamita awiri m'litali, ndipo yaikulu koposa yogwidwa ndi mbedza imene idalembedwa m'kaundula wa awedzi inali yolemera makilogalamu 130. Imeneyo idagwidwa mu 2003 kuno ku Africa komwe, ku Guinea-Bissau. Ikamva mbedza imalumpha m'mwamba ikupukusa mutu, ndipo popeza pakamwa pake m'polimba ngati fupa, zambiri zimalavula mbedzayo n'kupita. Mnofu wake ndi waminga yambiri, kotero kuti anthu a ku America saufuna pa chakudya. Chimene mlendo amalipira ndi kulimbana nayo basi, nthawi zina kwa ola lathunthu, mpaka ataifikitsa pambali pa boti n'kujambulitsa. Kuyambira Epulo mpaka Julaye nsombazi zimasonkhana zambirimbiri pamalo otchedwa Boca Grande ndi m'zilumba za Florida Keys, ndipo alendo amasungitsiratu masiku kwa anamulondola kudakali miyezi. Chimene chidandigwira mtima kwambiri n'chakuti tarpon imakwera pamwamba kudzameza mpweya monga amachitira mlamba ndi dowe, ndipo namulondola amadziwa pamene pali gulu poona misana ikutembenuka pamwamba pa madzi. Mwana aliyense wa ku Chiromo amene adaperekezapo bambo ake m'dambo mbandakucha amalidziwa luso limeneli, kungoti palibe adamuuzapo kuti kwina luso lotere ndi ntchito yolipidwa.

Usodzi umenewu sudangokula wokha popanda malamulo. Kuyambira mu 2013 boma la Florida lidalamula kuti tarpon ikagwidwa ibwezeredwe m'madzi, ndipo yopitirira masentimita 102 isatulutsidwe n'komwe m'madzimo, chifukwa kuinyamula kumaivulaza m'kati. Namulondola naye sangonyamula alendo mwachisawawa, amayenera kukhala ndi chiphaso choyendetsera boti la anthu olipira. Pa nkhani ya shaki, nsomba zolusa za m'nyanja yamchere, malamulo ndi okhwimanso. Alendo ena amabwera n'cholinga chodzawedza shaki zimene zimalowa m'madzi osaya omwewo, koma mitundu ingapo, kuphatikizapo ija ya mutu ngati hamala, idaletsedwa kuphedwa m'madzi a Florida kuyambira mu 2012, ndipo mu 2019 adawonjezera kuti wowedza shaki ali pagombe akhale ndi chilolezo chapadera. Shaki zomwezi ndizo zimavutitsa awedzi a tarpon, pakuti nsomba ikatopa pa chingwe shaki imabwera n'kuidula pakati mlendo akuona. N'chifukwa chake namulondola wodziwa ntchito amalimbikitsa mlendo kukoka msanga, ndipo akaona shaki ikuzungulira amamasula nsombayo kuti ithawe idakali ndi mphamvu. Amatero chifukwa nsomba imene yapulumuka lero ndi yomwe idzamubweretsere mlendo wina chaka chamawa.

Owerenga ena afunsa kuti kodi zimenezi zikutikhudza bwanji ife a dziko lopanda nyanja yamchere. Funsoli ndi loyenera, koma chigwa chathu chili ndi mbiri yake yosiyana ndi madera ena onse a Malawi. Kuchokera pa mathithi a Kapichira kutsika mpaka ku Marka, mtsinje wa Shire ulibenso chotchinga kufikira utathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathira m'nyanja yamchere ku Mozambique. Nsomba zathu kuno ndi za Zambezi, si za nyanja ya Malawi ayi. Akatswiri a nsomba adalemba kuti m'bale wamng'ono wa tarpon, amene amakhala m'nyanja ya Indian ndipo dzina lake la sayansi ndi Megalops cyprinoides, amakwera mitsinje mpaka kufika kunsi kwa Shire kuno. Ilipo shaki ina yotha kukhala m'madzi opanda mchere, imene ku South Africa amaitchula dzina la mtsinje wa Zambezi, ndipo katswiri wa ku Germany, Wilhelm Peters, adalemba za shaki yotere yopezeka mu Zambezi kale mu 1852. Ife a ku Nsanje ndi Chikwawa tili pafupi ndi nyanja yamchere kuposa mmene mapu amationetsera.

Komabe sindikufuna kunamiza munthu. Tarpon yofika kuno ndi yaing'ono ndipo sipezeka kawirikawiri, ndipo palibe mlendo angakwere ndege kuchokera ku London kudzasaka shaki ku Makhanga. Chimene tili nacho ndi mcheni wa mu Shire (pa Chingerezi tigerfish, osati wa kunyanja ya Malawi), wamano akuthwa oonekera kunja uja, amene amadula chingwe ndi kulumpha monga imalumphira tarpon. Awedzi ochita zosangalala amayenda maulendo ataliatali kukaisaka nsomba imeneyi mu Zambezi, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, ndipo kumeneko kuli malo ogona alendo amene amadalira iyo yomweyi. Kuno kwathu imalekera pansi pa mathithi a Kapichira, kutanthauza kuti aliyense wofuna kuiwedza m'Malawi muno ayenera kutsika Thabwa n'kubwera kwa ife. Alendo nawonso sitikuyamba kuwafuna kutali, chifukwa kuyambira pamene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira nkhalango ya Majete mu 2003 anthu akhala akubwera kudzaona nyama, ndipo ena amafika ku Lengwe ndi m'dambo kudzaona mbalame. Dambo la Elephant Marsh lidalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar mu 2017, kukhala lachiwiri m'Malawi pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Zofunika pa ntchitoyi zambiri zilipo kale, ndipo n'zosakayikitsa kuti wina adzaiyamba posachedwa kapena mochedwerapo. Nkhawa yanga ili pa funso lakuti phindu lake lidzapita kwa yani.

Ndikunena izi chifukwa cha chimene ndidaona ndi maso anga zaka zingapo zapitazo. Padoko lina la kuno padafika anthu awiri ochokera kumtunda ndi boti lawo la injini, atanyamula alendo olipira. Dambolo sankalidziwa, choncho adatenga msuweni wanga, msodzi wa zaka zambiri, kuti awalondolere. Iye ndiye adawauza njira imene namasupuni sadatseke, ndiye adawapatutsa pa dziwe la mvuu yokhala ndi mwana, ndiye adawaimika pamene madzi othamanga amakumana ndi odekha, pomwe mcheni umabisalira tinsomba. Alendo adagwira nsomba, adajambula, adakondwa. Madzulo msuweni wanga adapatsidwa ndalama yosakwana n'komwe mtengo wa milamba imene akadagwira tsikulo, pamodzi ndi botolo la chakumwa. Adabwera kunyumba osadandaula, chifukwa sankadziwa kuti chimene alendowo adalipira kwenikweni chinali nzeru zake. Boti munthu aliyense wandalama atha kugula, koma kudziwa dambo losintha njira zake chaka ndi chaka kumatenga moyo wonse, ndipo ku Florida kuja chimenechi ndicho chimaika namulondola pamwamba pa ntchito yonse.

Pempho langa loyamba likupita ku nthambi ya boma yoona za usodzi pamodzi ndi unduna woona zokopa alendo, ndi makhonsolo a Nsanje ndi Chikwawa. Lamulo la usodzi la 1997 lidatsegula kale khomo lakuti anthu a m'midzi atenge mbali poyang'anira nsomba zawo, ndipo m'madoko mwathu muli makomiti a asodzi. Makomiti omwewa asankhe asodzi odziwa madzi ndi amakhalidwe abwino, boma liwaphunzitse za chitetezo cha pamadzi, chithandizo choyamba, kagwiridwe ka nsomba yoti ibwezeredwe ndi Chingerezi chokwanira kulankhula ndi mlendo, kenako liwapatse ziphaso. Pakhale lamulo lakuti boti lililonse lonyamula awedzi olipira mu Shire wa kunsi kuno likhale ndi namulondola wa chiphaso wochokera m'deralo, ndipo malipiro ake adziwike poyera, asakhale chifundo cha mwini boti. Gawo la ndalama ya chilolezo cha mlendo litsale kwa komiti ya doko. Izi zikachedwa, tidzapeza ntchito itagwidwa kale ndi ena, ndipo kuchotsa munthu pa mpando amene wakhalapo kale n'kovuta kuposa kuika malamulo mpando udakali wopanda munthu.

Pali mbali ina imene ndaiganizira kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti ena a kuno akhoza kundikwiyira. Kugwira nsomba n'kuibwezera m'madzi, m'dera limene mabanja ena amagona ndi njala madzi akasefukira, kumaoneka ngati chipongwe. Bambo anga sakadamvetsa zimenezi, ndipo sindingawanene kuti ankalakwa. Choncho ndikufuna zimveke bwino kuti lamulo lobwezera nsomba ndi la mlendo wodzasangalala, osati la msodzi wofuna ndiwo ndi fizi ya ana. Anthu a ku Florida adatha kuika lamulo lawo pa aliyense chifukwa tarpon saidya, pamene ife mlamba, makakana, mphende ndi chikano ndiwo moyo wathu, ndipo amayi oyanika ndi kuwamba nsomba m'madoko amaphunzitsa ana ndi ndalama imeneyo. Asadzabwere munthu ndi pepala n'kunena kuti chigawo chakuti cha mtsinje chatsekedwa chifukwa ndi cha alendo. Ubwino wake ngwakuti nsomba imene mlendo amafuna si imene imadzaza madengu a pamsika wa Bangula kapena Nchalo, kotero ntchito ziwirizi zitha kuyendera limodzi ngati zakonzedwa ndi anthu odziwa dambo.

Ifenso asodzi ndi ana a asodzi tili ndi mlandu wathu woyenera kuuvomereza. Masikito a udzudzu amene tidalandira kuchipatala ena tikukokera m'madzi, ndipo amakokolola ndi tiana tomwe, chakudya cha mcheni. Msodzi amene akuona kuti nsomba yaikulu yamoyo ikumulipira kangapo pa chaka adzakhala woyamba kudzudzula mnzake wokokera masikito, ndipo mawu ake adzamveka kuposa a mlangizi wobwera pa njinga yamoto kamodzi pa mwezi. Koma matope amene akukwirira dambo, ochokera kumtunda kumene mitengo idatha, amenewo si mlandu wa msodzi, ndipo sangawathetse yekha.

Za chitetezo sindingazisiye, chifukwa madzi athu ali ndi zoopsa zake zimene sizichepera shaki za ku Florida. Ng'ona ndi mvuu zimapha anthu m'chigwa chino chaka ndi chaka, ndipo bwato losema la mtengo umodzi, limene ife timaliyendetsa titaima, mlendo wosazolowera akhoza kuligubuduza pongodzidzimuka. Ngozi imodzi yokha ingathe kupha ntchito yonse isanakule. Pafunika maboti okhazikika bwino ndi majekete oyandamitsa, zinthu zimene msodzi wamba sangagule yekha, makamaka pambuyo pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, amene adakokolola mabwato ndi maukonde a anthu ambiri. Mabungwe amene adagawa thandizo nthawi imeneyo aganizireko zobwereketsa boti limodzi kapena awiri ku gulu la anamulondola, kuti alibweze pang'onopang'ono kuchokera pa zimene akupeza.

Ife a kunsi kuno tidaonapo malonjezo akuluakulu a pamadzi. Mu Okutobala 2010 tidasonkhana pa mwambo wotsegulira doko la Nsanje, tikuyembekeza sitima zochokera kunyanja yamchere, ndipo mpaka lero pakhoma la simentilo sipadakochezepo sitima ya katundu. Chimene ndikupempha pano sichifuna mabiliyoni kapena mgwirizano wa mayiko atatu. N'chotheka kuyamba ndi madoko awiri, lina kufupi ndi Majete ndi lina ku Chiromo, ndi asodzi osapitirira khumi, m'miyezi ya Seputembala mpaka Novembala pamene madzi atsika n'kuyera, kenako n'kuona zotsatira zake. Ndikupempha akuluakulu a usodzi a maboma athu awiriwa kuti ayankhe kudzera m'nyuzipepala ino ngati zilipo kale zimene akukonza, ndipo ngati akufuna mayina a asodzi oyenera kuyamba nawo, afunse makomiti a m'madoko ndi mafumu, amene amadziwa bwino lomwe yemwe angalowe m'dambo usiku n'kutulukamo ndi anthu ake onse.

Mphunzitsi wopuma,
Bangula, Nsanje